Mutu 6: Siponji ya Dokota Sakala

1. Tsiku la kuchipatala

Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2025, Malita Elias, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankayembekezeka ku chipatala chachikulu ku Lilongwe kuti akalandire mankhwala a khansa kachinayi. Sanapite.

Matendawa anawapeza mu Disembala. Tsaya lake lamanzere linatupa mpaka mano awiri kugwedera. Madokotala anati ndi khansa imene imagwira ana kawirikawiri, ndipo ambiri amachira ngati alandira mankhwala onse pa masiku ake. Atalandira katatu kudzera m'diripi, chotupacho chinaphwa. Tsitsi linathothoka. Ankasanza kwambiri, ndipo duku sankavula ngakhale pogona.

Banjali linachokera ku Phalombe. Bambo ake, a Elias, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji. Febuluwale ndi mwezi wothyola. Abambo amathyola masamba kumunda, amayi amasoka, ana amapachika m'chigafa kuti aume. Dzanja limodzi likachoka, fodya amapsera m'munda, ndipo kapitawo amaona.

M'mawa umenewo Tabeth, mkulu wake wa Malita, yemwe anali Fomu 3, anapeza amayi ake, a Esitele, atakhala pambali pa mulu wa fodya, singano ili m'manja.

"Amayi, simunasambe? A Nurdin akusiyanitu."

A Nurdin anali ndi golosale pa Kamwendo. Ankapita ku Lilongwe kukaoda katundu pa lole yawo yaing'ono, ndipo maulendo onse atatu ndi iwo anamunyamula Malita pamodzi ndi amayi ake.

A Esitele sanadzutse mutu. Anayankha ndi a Elias, ali pakhomo akuvala nsapato za mphira.

"Kulibe ulendo."

"Koma ababa, tsiku lake ndi lero."

"Tsiku ndikulidziwa. Mankhwala abwera okha pakhomo pano Lachinayi. Omwe aja unawavomereza iwe pamaso pa anthu."

Tabeth anawavomerezadi.

2. Mawu awiri pamsika

Zinayamba mu Januwale. Madamu Abbasi, aphunzitsi a bayoloje pa sekondale yoyendera imene Tabeth ankaphunzira, ankaphunzitsa za nyama zopanda msana. Anatchula siponji, chamoyo cha pansi pa nyanja yamchere chooneka ngati chinkhupule chosambira. Anati mankhwala ena a khansa anachokera ku chamoyo chimenechi. Asanapitirize, belu linalira.

Tabeth anafika nayo nkhaniyi kunyumba ikadali yotentha. Anaifotokoza kawiri. Bambo ake anamvetsera mwakachetechete, n'kuisunga.

Sabata yoyamba ya Febuluwale, tsiku la msika, awiriwa anapita pa Kamwendo kukagula ulusi wosokera fodya. Pafupi ndi siteji ya akabaza panali gulu la anthu. Pakati pawo panali mwamuna wovala jekete loyera, atayala nsalu pansi. Pa nsalupo panali mabotolo, zigoba za nkhono, ndi zinthu zouma zotuwa zokhala ndi timabowo tambirimbiri. Pa katoni analembapo kuti DOKOTA SAKALA. Malankhulidwe ake anali a kutsidya kwa malire.

"Bwerani pafupi, ba mayi, ba tate! Ine sinigulitsa mizu ya m'thengo iyayi. Ichi chachoka pansi pa nyanja ya mchere. Azungu batenga ichi, bagaya, baika m'botolo, manje bakulasani nacho na jekeseni. Ine nikubweretserani chilibe kusungunula na madzi!"

"Dokota, si ya m'matiresi imeneyo?" anafuula wakabaza wina.

"Iwe matiresi unagonapo? Ugona pa njinga!"

Anthu anaseka. A Elias sanaseke. Anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Mwati chimenechi n'chiyani?"

"Siponji, ba tate. Khansa, zotupa, mimba yofufuma."

"Mwana wangayu anaphunzira zimenezi kusukulu."

Dokota Sakala anamugwira Tabeth padzanja n'kumuimika pakati pa bwalo.

"Uli fomu chani, sisita?"

"Fomu 3."

"Mwamva? Fomu 3! Ine mungakambe kuti nifuna chabe malonda. Uyu sinimudziwa. Kamba, mwana wa sukulu, anthu amve. Mankhwala ya khansa yanachoka ku siponji, zoona olo boza?"

Tabeth anayang'ana bambo ake. Nkhope yawo inali itawala. Chiyambire Disembala anali asanaione choncho.

"Ndi zoona," anatero.

Anthu anawomba m'manja. A Elias anagula kachidutswa kamodzi koti akaonetse akazi awo. Dokota Sakala analonjeza kuti abwera yekha ku esiteti. Adzagaya siponji, kusakaniza ndi mafuta, kutema mphini mozungulira pamene panali chotupa, n'kupakamo.

"Koma lamulo ni limodzi," anatero atakweza chala. "Nikatemera, jekeseni ya chipatala iyayi. Mankhwala yawili yakakumana m'magazi yamenyana, mwana apita."

Pambali pa a Elias panaima a Anasi, mkazi wa tenanti mnzawo. Kumbuyo anabereka mwana wa zaka zitatu yemwe mimba yake inali yotupa chiyambire dzinja.

"Mukabwera mudzandionerenso wangayu," anatero a Anasi. "Ndimakayika, koma poti wanena mwana wa sukulu."

3. Zimene belu linadula

Lachiwiri lija, atakanizidwa ulendo, Tabeth anabenthula pang'ono kachidutswa ka siponji kamene bambo ake anasunga m'chitini, n'kupita kusukulu. Pa nthawi yopuma anawapeza Madamu Abbasi m'kachipinda kosungira zida za sayansi. Anawauza zonse.

Madamu anatseka chitseko.

"Khala pansi. Tsiku lija unamva mutu wa nkhani, belu n'kulira. Lero umve thupi lake.

"Siponji ndi nyama. Imakhala itamatirira pamwala pansi pa nyanja, ndipo singathawe nsomba kapena tizilombo. Choncho mitundu yambiri imakhala ndi poizoni m'thupi wodzitetezera. Poizoni ameneyo ndi amene asayansi amamufufuza. M'zaka za m'ma 1950 anapeza zinthu zina mu siponji ya ku nyanja ya Caribbean. Sanagaye siponjiyo n'kumwetsa odwala. Anaphunzira mmene zinthuzo zinapangikira, n'kupanga mankhwala awoawo mu labotale. Dzina lake ndi cytarabine. Analoledwa kuperekedwa kwa odwala khansa ya m'magazi mu 1969.

"Ku Japan, mu 1986, asayansi analengeza kuti apeza chinthu china champhamvu mu mtundu wina wa siponji. Anasonkhanitsa siponji yolemera makilogalamu 600. Amenewo ndi matumba angati a chimanga?"

"Khumi ndi awiri, Madamu."

"M'matumba khumi ndi awiriwo anapezamo mamiligalamu 12 ndi theka. Kambewu kamodzi ka mpunga kamalemera kuposa pamenepo. Mankhwala a khansa ya m'mawere amene anapangidwa potengera chinthu chimenecho analoledwa mu 2010. Zaka zonsezo ankayesa mlingo, chifukwa wochepa suchiza, wochuluka umapha. Ndipo mitundu ya siponji imaposa 8,000. Dokota wakoyo watola mtundu uti? Iye mwini akuudziwa?"

"Nanga mankhwala amene Malita amalandira ali m'gulu limeneli?"

"Sindikudziwa, ndipo sindikuuza chimene sindikudziwa. Ukafunse adokotala ake. Bweretsa kuno kachidutswako."

Madamu anaika kachidutswako m'kabotolo, n'kuthiramo jiki wochapira. Patapita kanthawi kanasungunuka, pansi n'kutsala fumbi loyera. Analitsuka ndi madzi, n'kudonthezera pa kagalasi. Sukuluyo inali ndi maikulosikopu imodzi yokha yogwira ntchito, yodalira kuwala kwa pawindo.

"Yang'ana."

Tabeth anatsinzina diso limodzi. Anaona singano. Zinali zambirimbiri, zowala ngati madzi, zosongoka mbali zonse ziwiri, zitapingasana ngati minga ya mtete.

"Amenewo ndi mafupa ake," anatero Madamu. "M'mitundu yambiri amakhala ngati galasi. Jiki wasungunula mnofu, koma zimenezo wazilephera. Ukagaya siponji, n'zimene zimatsala mu ufawo. Anakuuzani chiyani anesi za chitetezo cha m'thupi mwa Malita?"

"Anati mankhwala a khansa amachifooketsa. Anati asachekedwe, asavulale. Akatentha thupi tipite naye tsiku lomwelo."

"Ndiye munthu abwere ndi lezala, amutemetemere, apakemo zimenezi. Wati abwera liti?"

"Lachinayi."

"Ukadali ndi mawa."

4. Pa golosale ya a Nurdin

Ataweruka, Tabeth anadzera pa Kamwendo. Lole ya a Nurdin inali itaima pambali pa golosale. Eni ake, bambo wa ndevu za imvi, anali pakhonde akupukuta sikelo.

"Iwe mwana wa a Elias! Ndakudikirani mpaka dzuwa kukwera. Ulendo ndasintha, ndipita mawa. Bwana wanga wa maswiti ali kuti?"

Tabeth anafotokoza. A Nurdin anasiya kupukuta.

"Wa jekete loyera uja? Ndimamumva ndili pano. Ndinamvanso kuti kamtsikana kena ka sukulu kanamuchitira umboni. Kodi unali iwe?"

"Ndinali ine, ankolo."

"Khala apa, undimvere. Ndisanatsegule golosaleyi ndinkayendetsa thiraki, kupita ku Nacala, kubwera kuno. Nyanja yamchere ndaiona ndi maso angawa. Zimene akugulitsazo mafunde amazilavulira pamchenga. Ana a kumeneko amaponyerana. Zikanakhala kuti kuzipaka pabala kumachiza khansa, bwenzi ku Nacala kulibe manda a khansa. Alipo. Ndinaikako mnzanga.

"Mkazi wanga Shamira sunamuone. Anamwalira mu 2019. Anali ndi chotupa m'bere. Kuchipatala anayamba kumupatsa mankhwala, ndipo chotupa chinachepa. Pamenepo m'pamene pali msampha, mwanawe. Munthu akadwala kwambiri aliyense amathamangira kuchipatala. Koma chotupa chikaphwa, wodwala n'kumasanza, tsitsi n'kuthothoka, abale amayamba kunena kuti matenda atha, chatsala chikumuzunza ndi mankhwala. Alongo ake anabwera kudzamutenga kuti akapume kwawo. Kumeneko anamupezera munthu wa botolo. Wake sanali wa siponji, anali wa mafuta a nsomba ya kutali. Nthawi zonse chimakhala chinthu chakutali chimene palibe angachitsutse. Pamene ndinkamubwezera ku Lilongwe, adokotala anati chotupa chija chinabwerera, ndipo chafika m'mafupa.

"Khansa ili ngati kapinga. Ukalima pamwamba pokha munda umaoneka woyera, koma mizu ili pansi. Mankhwala otsalawo ndi a mizu.

"Bambo ako si munthu wopusa. Ndi munthu wotopa. Munthu wotopa akamva kuti pali njira yachidule, safunsa kawiri. Ndipo anthu onga Sakala sabwera ndi bodza lathunthu. Bodza lathunthu siligulika. Amatenga choonadi chaching'ono, n'kuchiveka jekete. Iwe ndiwe unamupatsa choonadicho."

Tabeth anayang'ana pansi.

"Mawa ndinyamuka 8 koloko," anapitiriza a Nurdin. "Malo alipo kutsogolo. Koma mwana wa eni sindingamunyamule popanda bambo kapena mayi. Ndingatchedwe wakuba ana. Mmodzi wa iwo abwere."

5. M'chigafa

Tabeth anafika ku esiteti dzuwa litapendeka. Bambo ake anali pamwamba m'chigafa akupachika mikangala ya fodya. Amayi ake ankawapatsira ali pansi. Manja a onse awiri anali akuda ndi utomoni.

Anaima pakhomo n'kufotokoza mwadongosolo. Ananena za matumba khumi ndi awiri, za kambewu ka mpunga, za singano za galasi. A Elias anamvetsera osasiya ntchito. Atatha, anatsika.

"Sabata yatha unati ndi zoona. Lero ukuti ndi bodza. Sukulu yake ndi yomweyo?"

"Ndinamva theka, ababa."

"Ndiye lero wamva zonse? Mawa sudzabwera ndi theka lina?"

A Elias anapitiriza.

"Mvera, Tabeth. Amayi ako akapita ku Lilongwe amakhalako masiku. Maulendo atatu apitawo kapitawo anandipirira chifukwa fodya anali asanakhwime. Dzulo wandiuza poyera. Akuti tenanti wosiya masamba kupsera m'munda chaka chamawa akafune kwina. Tikachoka pano tipita kuti? Ku Phalombe tinasiyako munda? Sukulu yakoyo ikuchokera m'masamba omwewa.

"Ndipo si ntchito yokha. Iwe sumamuona mwanayu akamachokera kumeneko? Amabwera ngati nsanza. Madzi omwe amasanza. Tsaya linaphwa, aliyense akuona. Ndimubwezerenso kuti akamulase? Mankhwala ndi amodzimodzi, unanena wekha. Awa ndi a pakhomo, osasanzitsa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndasankha phanga limodzi."

"Ababa, chonde, Lachinayi lisanafike..."

"Za Lachinayi zisiye."

Anakweranso m'chigafa. Tabeth anatembenukira kwa amayi ake. A Esitele anali akuyang'ana mkangala umene unali m'manja mwawo.

"Malita ali kuti?"

"Wagona. Usamudzutse."

M'nyumba Malita anagona moyang'ana kukhoma. Kuwonjezera pa duku, anamukulunga mpango m'khosi mpaka m'chibwano. Kunja kunali kofunda. Tabeth anauona mpangowo, koma sanafunse.

6. Mpango

Lachitatu m'mawa a Elias analawirira kumunda. Tabeth anavala yunifolomu, koma chikwama cha mabuku anachisiya pamsomali. Anagwada pamphasa.

"Malita, dzuka."

"Asisi, kukuzizira."

Tabeth anamugwira pamphumi. Panali potentha ngati chitsulo cha pamoto. Pomudzutsa, mpango uja unamasuka.

Kuyambira kuseri kwa khutu lamanzere kutsika m'munsi mwa chibwano munali mizere iwiri ya mphini. Zinali zatsopano. Mkati mwake munali ufa wotuwa wosakaniza ndi mafuta. Khungu lozungulira linali litatupa n'kumanyezimira, ndipo mphini zitatu zinkatuluka madzi.

"Amayi!"

A Esitele anali ataima kale pakhomo.

"Dokota uja anabwera dzulo, iwe uli kusukulu. Anati anali ndi ulendo wodutsa konkuno, ndiye ayambe ndi wathuyu. Lachinayi adzabwerera enawo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Bambo ako anati usadziwe, ungasokoneze."

"Pakuyabwa, asisi," anatero Malita. "Ngati muli minga."

"Anati kutentha kukabwera tisaope," anatero a Esitele. "Akuti ndi mankhwala akugwira ntchito."

"Anesi anati chiyani za kutentha, amayi? Munalipo ndinu."

"Anati tsiku lomwelo. Koma watemeredwa kale, Tabeth. Unamva lamulo. Akakamulasa jekeseni panopa, mankhwala akamenyana m'magazi. Ukufuna ndimunyamule ndekha kukamupha?"

Tabeth anatenga chitenje chimene chinali pachingwe. Anamukweza Malita kumsana n'kumanga. Anatsegula chitini n'kutenga siponji yotsala, kuika m'thumba la siketi.

"Ukupita naye kuti?"

"Pa Kamwendo."

"A Nurdin sakakunyamula wekha."

"Ndikakwera ina iliyonse. Ndikapempha."

Njira yotulukira pa esiteti inadutsa m'mphepete mwa munda wawo. A Elias anatulukira m'mizere ya fodya atanyamula masamba m'manja monse. Anaima pakati pa njira. Chapatali kapitawo anali atatsamira njinga yake, akuonerera.

"Bwerera."

"Watentha thupi, ababa. Mugwireni."

"Ndati bwerera."

"Ndinalakwa pamsika paja. Sindilakwanso kachiwiri."

A Elias anayang'ana khosi la Malita. Anayang'ana nthawi yaitali. Masamba ena anagwa pansi, osawatola.

"Munthu uja ananena momveka," anatero motsitsa mawu. "Ukapita naye, akakamulasa, chikachitika, wapha ndiwe. Usadzati bambo anga. Ndipo pakhomo panga usadzapondenso."

Tabeth analambalala, n'kudutsa m'ngalande ya m'mbali mwa njira. Bambo ake sanamugwire.

Anayenda osacheuka mpaka pa msewu wafumbi pamene akabaza amadikirira. Ali mkati mokambirana ndi wakabaza, anamva mapazi kumbuyo. Anali amayi ake, akuthamanga opanda nsapato, utomoni wa fodya uli m'manja. Anabweretsa buku la kuchipatala la Malita.

"Waiwala ili," anatero akupuma mwabefu.

Tabeth anatambasula dzanja. A Esitele sanapereke. Anayang'ana kumene anachokera, kenako anakodola wakabaza wachiwiri.

7. Ku Lilongwe

A Nurdin ataona khosi la Malita sanafunse kanthu. Anangotsegula chitseko cha lole. Pa msewu wonse wa ku Lilongwe anaima pa zipata za apolisi pokha.

Anafika ku wodi ya ana cha m'ma 11 koloko. Nesi amene anawalandira, a Rozi, ankamudziwa Malita.

"Mwajomba dzulo, a mfumukazi. Ndimati mwandithawa." Anachotsa mpango, nthabwala n'kuthera pomwepo. "Anamutemera liti?"

"Dzulo," anayankha a Esitele.

"Anapakamo chiyani?"

Tabeth anatulutsa siponji ija n'kuika patebulo. A Rozi anaitembenuza ndi cholembera, osaikhudza ndi dzanja. Anamuyeza Malita kutentha. Kunali 39.6.

Adokotala anabwera mwachangu. Anayang'ana mphini, anamvetsera pachifuwa, anapapasa tsaya. Sanakalipe.

"Mankhwala a khansa sitingamupatse lero," anatero. "Mabalawa alowa tizilombo, ndipo mwina tafika m'magazi. Tiyamba ndi kulimbana ndi timeneto. Titenga magazi kukayeza, ndipo tiyamba mankhwala a m'mitsempha pompano. Zikatheka tibwerera ku khansa. Tsiku lililonse limene tachedwa, iyo ikupeza mpata."

A Rozi anabweretsa thireyi. Anamanga kalamba pa mkono wa Malita, n'kupukuta pamtsempha. Atatulutsa singano m'pepala lake, a Esitele anawagwira dzanja.

"Dikirani, anesi. Watemeredwa. Anatiuza kuti jekeseni..."

"Ndikudziwa zimene anakuuzani, mayi. Si inu oyamba kufika nazo muno. Mankhwala samenyana m'magazi ngati atambala. Chimene chingamuphe mwanayu ndi kutenthaku tikakusiya. Koma popanda chilolezo chanu sindimulasa."

A Esitele sanasiye dzanjalo. Anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu.

"Tabeth, pamsika unanena zina. Dzulo unanena zina. Nena komaliza. Ndi zoona zimene akunena anesiwa?"

M'wodimo munali ana ambiri, ena akulira, ena ali chigonere pansi pa madiripi awo. Tabeth anayang'ana anesi, kenako adokotala.

"Ine sindikudziwa zonse, amayi," anatero. "Awa ndi amene anaphwetsa tsaya lija. Amulase."

A Esitele anamasula zala zawo chimodzichimodzi. Singano inalowa. Malita analira pang'ono n'kusiya. Madzi a m'diripi anayamba kudontha.

Masana a Nurdin anadzera ku wodi asanabwerere ku Mchinji, lole itadzaza katundu. Anabweretsa mabanzi ndi paketi ya maswiti. Anati anaimbira foni ya a Elias kangapo, koma sinkayankhidwa.

"Ndikakawaona ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti walandira jekeseni, ndipo akupuma," anatero Tabeth. "Mukawauzenso a Anasi kuti..."

"A Anasi ati?"

"A pa esiteti. Oyandikana nafe. Ali ndi mwana wa mimba yotupa."

"Amenewo sindikuwadziwa, ndipo ndikafika kutada. Ku esiteti kapitawo salola alendo nthawi yothyola. Ali ndi foni?"

"Alibe."

"Ndiyesa kutuma wakabaza m'mawa. Koma kodi akamvera wakabaza? Iwo anamva mwana wa sukulu."

Pofika 5 koloko madzulo a Rozi anamuyezanso Malita. Kutentha kunali 39.8. Zotsatira za magazi zinali zisanabwere, ndipo anati ziyembekezeke mawa lake.

Mawa lakelo linali Lachinayi, pa 13 Febuluwale, tsiku limene Dokota Sakala analonjeza kubwerera ku esiteti ndi lezala lake. A Anasi anali atagula kale mafuta osakanizira.